Mphuno ya Assunta

Mwezi wa February m'tauni ya zaulimi ya Griffith mitengo siidziwa kudikirana. Mapichesi akangoyamba kupsa, mapulamu nawo amati tafika, nkhuyu zimang'ambika zili mumtengo, mphesa zimalemera mpaka kupinda mawaya, ndipo m'dimba mabilinganya ndi tomato zimakula ngati pali amene akuzithamangitsa. Chaka chimenecho Assunta ankati akadzuka, ankapeza tebulo la m'khitchini litadzaza kale ndi mabeseni a zipatso zimene mwamuna wake Carmelo anathyola dzulo lake. Ankayamba waima pakhomo, manja ali m'chiuno, kuyang'ana mabeseniwo ngati phiri loti alikwere. Kenako ankausa moyo, n'kumanga epuloni, n'kutenga mpeni.

Anali mayi wa zaka za m'ma sikisite, wamfupi, wa manja okhakhala. Dera lonse linkamudziwa ndi chinthu chimodzi: mphuno yake. Analibe sikelo, ndipo wotchi ya m'khitchini inali yongokongoletsa khoma. Ankatha kukhala panja akuyanika zovala n'kukuwa kuti, "Tulutsani buledi uyo, wapsa!" ndipo buledi ankapezekadi atapsa bwinobwino. Jamu akamawira ankangoweramira poto n'kudziwa ngati shuga wakwana. Vwende ankalinunkhiza kumchombo n'kunena tsiku loti lidulidwe. Pa zikondwerero za kutchalitchi, keke yake ya mapichesi ndi mabisiketi ake a nkhuyu ndi zimene zinkayamba kutha, ndipo amayi anzake ankati, "Ena Mulungu anawapatsa sukulu, ena nkhope, koma Assunta anamupatsa mphuno."

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti mphunoyo inali itafa.

Zinayamba ndi chimfine cha m'nyengo yozizira. Chimfinecho chinatha, koma mphuno inatsala yotsekeka, fungo osabwerera. Tsiku lina anapsinya adyo n'kumufikitsa kumphuno, koma kunali zii. Anatikita tsamba la ndimu m'manja, zii. Anatsegula botolo la mankhwala otsukira kuchimbudzi, maso analengeza misozi, koma fungo silinamveke. Lilime linkangomuuza zikuluzikulu zokha, kuti apa pali mchere, apa pali shuga, apa pakuwawasa. Zina zonse zinali ngati akutafuna nsanza yonyowa. Anadziuza kuti zitha sabata yamawa. Sabata inasanduka mwezi, mwezi unabala anzake.

Kubisa kunali ntchito yolemetsa kuposa kuphika kumene. Anayamba kuba maso pa wotchi ija. Ankawerama pa galasi la uvuni mpaka msana kuphwanya, kuyang'anira mtundu wa keke. Mkaka akaukayikira ankangoutaya. Msuzi ukapsa ankapatsa Carmelo supuni n'kunena kuti, "Talawani, tione ngati lilime lanu laphunzirako kanthu zaka zonsezi," kenako n'kumamuyang'anitsitsa kumaso kuti adziwe ngati mchere wakwana. Chakudya chinasiya kumukomera, madiresi anayamba kumukhwepa.

Sikuti thandizo linali kutali. Mpongozi wake Narelle, mkazi wa mwana wake Dom, anali namwino, ndipo ankadutsa pakhomopo kawirikawiri akaweruka kuntchito. Koma kwa Narelle ndi kumene Assunta sakanatha kukagwada. Chibwerere Narelle m'banjamo, Assunta ankamutcha mkazi wa zam'chitini, poti kwawo kwa Narelle msuzi wa tomato ankagula kusitolo. "Ndiye lero ine ndikamuuze kuti sindikutha kusiyanitsa anyezi ndi apozi?" ankadzifunsa motero. "Nanga mphuno ikachoka, ine nditsala ndani m'nyumba muno?"

Masana ena anaika keke ya mapichesi mu uvuni, n'kukhala pampando chofulatira, akuchotsa nthanga m'mapulamu. Kutopa kunamuba. Maso anali pa mpeni, maganizo ali kwina. Anadzidzimuka ndi chitseko chikumenyeka kukhoma. Narelle, amene nthawiyo anali woyembekezera, analowa chothamanga atagwira mimba ndi dzanja limodzi.

"Amayi! Nyumba ikupsa muli momwemo?"

Assunta atacheuka anaona utsi uli tolo kudenga. Narelle anazimitsa uvuni n'kutulutsa thireyi. Keke inali bii ngati tayala.

"Ndi uvuniwu," anatero Assunta mwachangu. "Wakalamba ngati mwini wake. Ndakhala ndikuwauza apongozi ako kuti aitane munthu adzauone."

Narelle anatsegula mawindo onse, kenako anabwera n'kukhala moyang'anizana naye. Analankhula motsitsa mawu.

"Fungoli ine ndalimva ndili pageti. Inu simunalimve?"

"Ndinali ndi maganizo."

"Amayi, mwaonda. Ngati pali chikukuvutani, tiyeni mawa tipitire limodzi kuchipatala. Sitiuza munthu, ngakhale Dom."

Mawu anakwera mpaka pakhosi pa Assunta. Akanangotsegula pakamwa, akanatuluka okha. Koma anawameza.

"Odwala ako ali kuchipatala, mayi dokotala. Muno mulibe. Tandipatsira beseni ilo."

Carmelo anaitanadi wokonza mauvuni. Munthuyo anamasula paliponse, sanapeze vuto lililonse, anamwa khofi n'kumapita.

Carmelo naye anali ndi katundu wake chaka chimenecho. Fupa la m'chiuno linali litaperepeseka, ndipo madokotala anali atamuuza kuti akadzamuchita opaleshoni, za kugwada m'dimba aiwale. Choncho anadzala tomato wochuluka kuposa zaka zonse, ndodo kudzanja ili, khasu kudzanja ilo. Ankatsegulira yekha madzi a m'ngalande, ndipo mtengo uliwonse wa tomato ankaumangirira ndi nsanza za malaya ake akale, akubuula pamzere uliwonse.

"Ameneyu ndi womaliza, Sunta," ankatero akamavula nsapato madzulo. "Ndikufuna galaja idzaze mpaka kudenga. Ndikadzakhala chokhala pampando, adzukulu azidzadyabe tomato wa manja anga."

Kumapeto kwa February kulikonse, banja lonse linkasonkhana kwa Carmelo kudzakonza msuzi wa chaka chonse. Ankatsuka tomato, kumudula, kumugaya pamakina, kumuthira m'mabotolo akale a mowa pamodzi ndi tsamba lonunkhira la baziliko, kutseka, kenako kuwiritsa mabotolowo m'migolo pamoto wa nkhuni. Msuziwo unkagawidwa m'mabanja atatu: la Carmelo, la Dom, ndi la Pina, mng'ono wake wa Assunta, mayi wa pakamwa ngati wailesi, amene ankachokera kumzinda wakutali wa Melbourne chaka ndi chaka.

Chaka chimenecho, Loweruka la ntchitoyi kunacha ndi mphepo yotentha ngati ikuchokera m'ng'anjo, ndipo boma linali litaletsa kuyatsa moto panja tsiku lonse kuopa kuti tchire lingayake. Tomato anali atathyoledwa kale, wina wayamba kufewa, ndipo Pina anayenera kubwerera kwawo Lamlungu madzulo. Carmelo anakanda mutu n'kugamula kuti, "Tigaye lero, tiwiritse mawa m'mamawa mphepo ikatembenuka." Anagaya tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, n'kudzaza zidebe zikuluzikulu za pulasitiki. Anazivundikira ndi nsalu n'kuzisiya m'galaja ya malata. Zidebe ziwiri zinasowa malo mkati, zinakhala pafupi ndi chitseko, pamene dzuwa la masana linkaomba.

Lamlungu mphepo inatembenukadi, moto unaloledwa. Narelle ndi amene anavundukula zidebe ziwiri za pakhomo zija. Pamwamba panali thovu lopyapyala. Anakwinya mphuno.

"Dom, tabwera. Sukumva ngati mowa?"

Dom ananunkhiza n'kugwedeza mapewa. "Ine usandifunse. Kuyambira dzulo ngakhale pilo wanga akumveka tomato."

"Thovu ndi thovu, mwana iwe," anatero Pina akumanga mpango kumutu. "Paja wapakati chilichonse chimamunyansa. Ine ndili ndi mimba yoyamba ndinkathawa fungo la mwamuna wanga yemwe. Mpaka lero ndikuthawabe."

Anthu anaseka. Carmelo anagogoda pansi ndi ndodo yake.

"Tikulimbanirana chiyani mwini mphuno ali pompano? Sunta, tabwera utiweruzire."

Anthu anapatuka kumupatsa njira, monga ankachitira zaka zonse. Assunta anayenda n'kuweramira chidebe choyamba. Anakoka mpweya wautali. Panalibe kanthu. Anaviika chala n'kulawa. Kunkawawasa, koma ndi tomato uti amene sawawasa? Maso ake okha ndi amene anaona timathovu ting'onoting'ono tikukwera kuchokera pansi, kamodzikamodzi.

Panangofunika mawu ochepa: "Sindikumva fungo, mverani Narelle." Koma anayenera kuwanena pamaso pa Pina, amene pofika madzulo akanakhala atauza Melbourne yense. Anadzutsa mutu. Carmelo anali atatsamira ndodo, akumuyang'ana ndi nkhope ya munthu amene sanakayikirepo mkazi wake n'kamodzi komwe.

"Ali bwinobwino," anatero Assunta. "Yengulani thovulo, muonjezere mchere."

"Amayi," anatero Narelle, "bwanji zidebe ziwirizi tingozipatula? Zinazo ndazinunkhiza, zilibe vuto. Tisasakanize."

Akanati Narelle anene zimenezi ali awiri, mwina Assunta akanavomera. Koma ananena pagulu, ndipo mantha a Assunta anavala malaya a ukali.

"Zaka zonsezi wakhala ukutsegula zitini, lero undiphunzitse tomato? Ndinayamba ntchito imeneyi amayi ako asanakuganizire n'komwe."

Pina anaomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola. Narelle anafiira kumaso. Anasamba m'manja pampopi n'kukakhala pansi pa mphesa, ndipo tsiku lonselo sanakhudzenso botolo. Zidebe zonse zinathiridwa m'chimphika chimodzi kuti mchere ufanane, monga mwa nthawi zonse. Powiritsa, mabotolo angapo anaphulika m'migolo, ochulukirapo kuposa zaka zina, koma Carmelo anati mabotolo ndi amene akalamba. Pofika Lolemba mashelefu a m'galaja anali psuu kuchokera pansi mpaka kudenga. Carmelo anakoka mpando n'kukhala pakhomo, akungoyang'ana, ngati munthu woonera ana ake akulandira mphoto.

Mabanja onse anayamba amaliza mabotolo a chaka cham'mbuyo, choncho msuzi watsopano unakhala osatsegulidwa mpaka kuzizira kutafika. Pakatipo Narelle anachira, mwana wamkazi. Ngakhale kuti chichitikire za m'galaja zija ankangopereka moni n'kukhala chete, anavomera mwambo wa kwa mwamuna wake wopatsa mwana dzina la agogo ake, mwanayo anamutcha Assunta. Ubatizo unakonzedwa mu July, ndipo Carmelo analengeza kuti tsiku limenelo ndi limene alendo adzalawe tomato wake womaliza.

Assunta anadzuka m'bandakucha kukaphika yekha, poti pa mphika wake sankalola munthu. Atatsegula botolo loyamba linalira kuti psii. Lachiwiri chimodzimodzi. Anaima kaye, chotsegulira chili m'manja. Kenako anadziuza kuti ndi kuzizira, n'kupitiriza. Anakazinga anyezi ndi adyo, anathira msuzi, anaponyamo nyama, n'kuvundikira. Kutchalitchi anakhala kumbuyo, ndipo mwambo utangotha anathamangira kunyumba kukawiritsa pasita wodyera msuziwo anthu asanafike.

Matebulo anayalidwa motalika m'shedi yaikulu. Panali ansembe, makolo a Narelle, aneba, Pina ndi ana ake. Narelle anali kumapeto akuyamwitsa. Assunta anapakula mbale iliyonse yekha, n'kuwaza tchizi pamwamba, achinyamata akunyamula. Ansembe anapemphera mwachidule, Carmelo anakweza tambula ya vinyo, mafoloko anayamba kulira.

Assunta anakhala pansi thupi lonse likuphwanya. Sanayang'ane munthu. Anangoyamba kudya monga ankadyera miyezi yonseyo, kutafuna ndi kumeza ngati akumwa mankhwala. Sanazindikire kuti phokoso likuchepa. Sanaone ansembe akulavulira m'kansalu mobisa, kapena bambo ake a Narelle akugwira tambula ya madzi ndi manja awiri. Anangomva kuti m'shedi monse mwatsala kulira kwa foloko imodzi yokha, ndipo folokoyo inali yake.

"Mayi Maria!" anakuwa Pina. "Sunta, waikamo chiyani umu? Masokosi a Carmelo?"

Palibe anaseka. Pina anayang'ana mbale ya mkulu wake, imene inali itafika pakati, ndipo mawu ake anatsika.

"Iwe ukudya zimenezi? Sukumva kununkhaku?"

Carmelo anatambasula dzanja n'kuligwira la mkazi wake.

"Siya foloko, Sunta." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Zinayamba liti?"

Assunta anayang'ana matebulo onse. Chinsinsi chimene anakana kuuza munthu mmodzi m'khitchini yotseka, tsopano anayenera kuchinena pamaso pa mudzi wonse ndi ansembe omwe.

"Chaka chatha," anatero. "Chichokere chimfine chija."

Amene anayamba kuimirira anali Narelle. Anapatsa Dom mwana, n'kuyamba kutolera mbale mwakachetechete. Anabweretsa buledi, tchizi, maolivi, malalanje a m'munda ndi mabisiketi a nkhuyu. Alendo anadya zimenezo, akulankhula za nyengo ndi za mitengo ya madzi, ndipo anabalalika dzuwa likadali pamwamba.

Mawa lake Dom anakumba dzenje kumapeto kwa dimba. Ananyamula mabotolo pa wilibala, Carmelo atakhala pampando akutsegula limodzilimodzi, Narelle akununkhiza. Poyamba ankayembekezera kuti mwina ena apulumuka. Koma zidebe ziwiri zija zinali zitalowa m'botolo lililonse. Dzenje linadzaza msuzi wofiira wochita thovu. Assunta anaima chapatali atafunda juzi ya mwamuna wake. Dom ndi Narelle atabwerera kukadzaza wilibala ina, anayandikira.

"Pepani, a Carmelo."

Carmelo sanadzutse mutu. Anatsegula botolo lina n'kulikhuthula pang'onopang'ono.

"Tomatoyu akundipweteka, sindinama. Mawondo anga ali m'dzenjemu. Koma chikundipweteka kwambiri ndi masupuni aja." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Zaka zonsezi sunandipatsepo supuni kuti ndilawe. Utayamba kundipatsa, ine ndinakondwa. Ndinkati ukalamba wamufewetsa mkazi wanga, wayamba kundiwerengera. Osadziwa kuti ndine galu wako wosakira."

"Ndinkachita manyazi."

"Ndi ine? Amene umandiveka masokosi m'mawa uliwonse poti sinditha kuwerama? Ine manyazi anga ndinakupatsa kalekale, Sunta. Iwe ako unkasungira ndani?"

Assunta anatenga botolo lopanda kanthu n'kuliimika pambali pa anzake.

Kuchipatala anapita ndi Narelle yemweyo. Dokotala anasuzumira ndi kachipangizo kowala n'kunena kuti m'mphuno munamera tinyama tofewa timene tinatseka njira, ndipo tikhoza kuchotsedwa popanda vuto lalikulu. Kenako anafunsa kuti vutoli linayamba liti. Atamva, anavula magalasi.

"Mayi, mukanabwera nthawi yomweyo, bwenzi tikunena zina. Tiyesetsa, koma mphuno ikakhalitsa osagwira ntchito, sikuti zonse zimabwerera."

Pobwerera, galimoto inadutsa minda ya malalanje. Kenako Assunta anati, "Unanena zoona tsiku lija. Ndinakunyoza pagulu."

"Munandinyozadi," anayankha Narelle, maso ali pamsewu. "Zinandiwawa. Koma chimene sindikumvetsa n'chakuti tsiku la keke lija tinali awiriwiri, amayi. Mukanangogwedeza mutu basi."

Tinyama tija tinachotsedwa. Patapita miyezi fungo linayamba kubwera, koma linabwera ngati mlendo wosafuna kukhalitsa. Khofi ankamumva, utsi ankaumva, adyo ankamumva patalipatali. Mapichesi ndi nkhuyu sizinabwererenso. Carmelo naye anachitidwa opaleshoni yake, ndipo dimba linamera udzu mpaka m'chiuno. February wotsatira Dom anagula makatoni a tomato kwa mlimi wina, ntchito n'kukachitikira kuseri kwa nyumba yake. Assunta anapita, anamupatsa mpando pamthunzi ndi beseni la madzi a sopo kuti azitsuka mabotolo. Itafika nthawi yoti wina anunkhize zidebe, Dom anaima kakasi, osadziwa woti amuitane. Assunta sanadzutse mutu pa beseni lake.

"Ukudikira chiyani?" anatero. "Itana mkazi wako."

Anthu a ku Griffith akamakamba za Assunta masiku ano, sayambanso ndi keke ya mapichesi. Amayamba ndi ubatizo uja. Chimene ankachiteteza ndi mtima wake wonse anachitaya, ndipo chinapita pamodzi ndi thukuta lomaliza la mwamuna wake, pamene khomo lotulukira linali lotsegula nthawi yonseyo, munthu womugwira dzanja ataima pomwepo. Anaona kutali akale amene anasiya mawu akuti: mbewa ya manyazi inafera kuuna.